Mbalame Inalira M'sipika

Anakumana pa depoti ya ku Tunis dzuwa likuswa mtengo. Mukuwadziwa madalaivala athu: minibasi ya ku Sousse sinyamuka mpaka mpando womaliza utapeza mwini wake. Anthu anali atatopa, akudzikupiza ndi manyuzipepala, pamene Dorsaf anasuzumira pakhomo ndi kachikwama kake.

Mpando wotsala unali wakumbuyo, koma unali ndi katundu. Mnyamata wina wamtali anali atakhazikapo udi wake, choimbira chathu cha zingwe chija cha mimba yozungulira, n'kuumangirira lamba.

"Achimwene, mpandowu ndi wa munthu kapena wa katundu?"

"Ameneyutu ndi munthu, achemwali. Amalankhula bwino kuposa ine."

"Ndiye mukwatirane naye, ine nditsike ndikadikire ina."

Anthu onse anafa nacho chiseko. Dalaivala anakuwa ali kutsogolo, "Iwe woimba, nyamula mkazi wakoyo tizipita!" Mnyamatayo, dzina lake Skander, manyazi anamugwira. Anafungatira udi uja pamiyendo, Dorsaf n'kukhala.

Asanafike ndi ku Hammamet komwe, anali atadziwana kuti onse ndi oimba. Dorsaf ankaimba pa hotela ina ya m'mbali mwa nyanja. Anatulutsa fulashi imene anaimangirira ku makiyi, n'kuigwedeza pamaso pa Skander.

"Gulu langa lonse lili umu. A ng'oma, a zitoliro, onse. Ndimangoilowetsa m'makina, ine n'kumaimba pamwamba pake. Sadwala, sachedwa, sapempha tiyi."

"Komanso sakumvani," anatero Skander. "Mukalira, iwo amangopitiriza."

"Aa, nanga inu gulu lanu lili kuti?"

Skander analoza kabokosi kachitsulo kamene kanali kumapazi kwake. "Ndikaponda apa, kamagwira zimene ndikuimba. Ndikapondanso, kamazibwereza. Pamwamba pake ndimasanjapo zina, kenaka zina, mpaka munthu mmodzi kumveka ngati gulu. Nyimbo ikatha ndimafufuta zonse."

"Kufufuta? Ndiye mwavutikiranji?"

"Nyimbo ya lero ndi ya anthu a lero, achemwali. Mawa ndiphika ina."

Dorsaf anamuyang'ana chammbali. "Basi, dzina lanu ndi a Mpondabokosi."

"Zikomo, Mayi Fulashi."

Potsika ku Sousse anapatsana manambala, aliyense akunamizira kuti ndi nkhani za ntchito. Ntchito yanji? Dorsaf asanafike ndi kunyumba komwe, foni inanjenjemera.

"Lamulungu masana ndimaimba kunyumba ya tiyi ya amalume Hedi, m'kati mwa mzinda wakale. Mubwere. Gulu lanu lija mulisiye likagone."

Ine kwa amalume Hedi ndi kumene ndimamwera tiyi chikhalire, ndiye izi sindinachite kuuzidwa. Dorsaf anabwera, n'kukhala pakona ngati sizikumukhudza. Skander anayamba ndi kugogoda thireyi ya tiyi ndi zala. Anaponda, kugogoda kuja kunayamba kuzungulira kokha. Anaika udi pamwamba pake, anapondanso, kenaka mawu ake a pansi. Nyumba yonse inadzaza! Mwadzidzidzi anatenga maiki n'kupita nayo pakona paja.

"Imbani."

"Ndiimbe chiyani? Sindinakonzekere!"

"Chimene chili mumtimamo."

Dorsaf anaimba, poyamba monjenjemera. Atafika pa liwu lina lalitali, anatseka maso n'kulikoka, kulikoka, mpaka anadzidzimuka kuti walakwitsa, nyimbo imusiya. Koma ayi. Skander anali ataimitsa zonse ndi phazi, akumudikira. Dorsaf atapuma, zonse zinabwerera pamodzi. Chiyambire kuimba, palibe woimba amene anamudikirapo. Anabwerera pampando misozi ili chuchuchu, akunamizira utsi wa fodya.

Kuchokera tsiku limenelo "inu" anatha, kunabwera "iwe". Ankayenda pamwamba pa khoma la mzinda akudya zitumbuwa za shuga zotentha, Skander atatsomeka kamtolo ka maluwa a yasimini kukhutu. Mauthenga ndiye osanena!

"Maso anga, wadzuka bwanji? Khofi wandiwawa lero chifukwa sunandilembere."

"Mpondabokosi wanga, thira shuga. Chikondi sichilowa m'kapu."

"Chako chimalowa paliponse, njiwa yanga."

Tsiku lina ali padoko, akuyang'ana asodzi akusoka maukonde, Skander anamugwira manja onse awiri.

"Siya hotela, Dorsaf. Mawu ako akuwonongeka pothamangitsana ndi makina. Bwera tiziimba limodzi."

"Ntchito imene ija ndi imene imandidyetsa, Skander."

"Ndikudziwa, mtima wanga. Zambiri ndilibe, koma ichi chokha ndikulonjeza: iwe ukaima pambali panga, m'sipikamo simudzatuluka chojambuliratu ngakhale chimodzi. Chilichonse chidzabadwira pomwepo, iwe ukuona."

Dorsaf anasiya hotela. Amayi ake anagwira mutu, anzake anati wapenga, iye osamva. Ndipo anayamba chizolowezi chake: asanaimbe, ankatenga maiki n'kunena mokweza, "Abale, zonse zimene mumve pano zikubadwa pano. Palibe chojambuliratu!" Anthu ankaomba m'manja asanamve ndi kanthu komwe. Mawu amenewo ankawanena ndi mtima wake wonse, ndipo mbiri inafala mpaka mipando ya amalume Hedi kuchepa.

Skander anapita naye kukamuonetsa kwa amayi ake, Mayi Chedlia, amene anamupsompsona masaya n'kumukhutitsa makeke a zipatso za kanjedza. M'chipinda cha Skander, pazenera, munali kambalame kachikasu m'kakhola. Kanali ndi kaimbidwe kake: kankayamba bwinobwino, kenaka n'kudukiza pakati ngati katsamwa.

"Aka kamakanika kumaliza nyimbo," anaseka Dorsaf. "Ukagulire fulashi."

Chotsala chinali chimodzi, ndipo chinali chachikulu: bambo ake a Dorsaf. A Belgacem anapuma pantchito yoyendetsa sitima, ndipo anali munthu wosakonda zopindapinda.

"Oimba ndi anthu a pakamwa pokoma," anatero. "Akwawo asabwere kudzakufunsira ndisanamuone ndi maso angawa."

"Ababa, Skander sanama. Ngakhale nyimbo yake sinama."

"Tikaone, mwana wanga."

Koma nyengo yotentha itatha, Skander anayamba kusintha. Dzanja lamanzere linkangokhala m'thumba. Tsiku lina anagwetsa kapu ya tiyi, n'kuseka kuseka kosafika m'maso. M'mawa sankayankha foni. Kale ankafunsa kaye, "Mawu ako ali pati lero, njiwa yanga?" n'kuyambira pomwepo. Tsopano ankangoti, "Lero tiimba iyi, kenaka iyi, monga sabata yatha."

Dorsaf mtima unkamuwawa. Kodi watopa nane? Kodi kuli wina? Anamufunsa.

"Wina? Ine? Maso anga, dziko lonse lili ndi mkazi mmodzi, enawo ndi anthu chabe."

Munthu akakuyankha choncho, ungafunsenso chiyani?

Lamulungu limene a Belgacem anabwera kunali mvula yamphepo. Amalume Hedi anatseka mazenera onse ndi chitseko. A Belgacem anakhala kutsogolo, chipewa chawo chofiira chili pamutu, manja atasanjika pandodo. Dorsaf anatenga maiki, n'kuyang'ana bambo ake m'maso.

"Abale, zonse zimene mumve pano zikubadwa pano. Palibe chojambuliratu!"

Skander anaweramira udi wake, anaponda kabokosi, nyimbo n'kutuluka yosalala, yokoma zedi. Popeza anthu anadzaza, Dorsaf tsiku limenelo anaima pafupi kwambiri ndi sipika. Nyimbo itazungulira n'kufika kumapeto, anamva kenakake chapansipansi. Kambalame. Kanayamba bwino, n'kudukiza ngati katsamwa.

Anati mwina ndi makutu. Nyimbo inazunguliranso. Pamalo pomwe paja, kambalame kaja kanaliranso, n'kudukiza chimodzimodzi.

Mbalame ilowa bwanji m'nyumba yotsekedwa, mvula ikugwa chonchi?

Dorsaf anacheuka. Anayang'ana dzanja lamanzere la Skander. Zala zinkayenda, inde, koma zinkangosisita zingwe pamwamba. Ziwiri zakumapeto sizinkakhudza n'komwe. Zimene anthu ankamva zinajambulidwa kale m'chipinda chija cha kambalame, ndipo Skander ankangoyerekeza.

Mayo ine! Aime? Akuwe? Bambo ake anali pomwepo, akugwedeza mutu motsatira nyimbo. Dorsaf anaimba mpaka kumaliza, misozi ikutsika, anthu n'kumati ndi kukoma kwa nyimbo.

A Belgacem anaimirira n'kuomba m'manja, chinthu chimene sachita. Anakokera mwana wawo pambali.

"Ndinalakwa, mwana wanga. Munthu woimba poyera chonchi, osabisa kanthu, ndi munthu woona. Uwauze akwawo abwere."

Mawu amene anawadikira miyezi yonseyi! Anamulasa ngati singano.

Dorsaf anamupeza Skander kuseri, m'kachipinda kosungira makala, akukulunga mawaya ndi dzanja limodzi.

"Wamva, njiwa yanga? Bambo ako aomba m'manja!"

"Mbalame ya amayi ako yaimba bwino lero."

Skander anaima chilili. Waya unagwa pansi.

"Kuyambira liti?" anafunsa Dorsaf.

"Dorsaf, mtima wanga..."

"Usanditchule choncho! Kuyambira liti?"

"Papita miyezi."

"Miyezi! Ine n'kumaima pamaso pa anthu, kukamwa yasa, kumalumbira kuti palibe chojambuliratu? Ine ndinkaimba ndi fulashi, inde, koma sindinanamizepo munthu. Aliyense ankaiona ndikuilowetsa. Iwe wandichotsa kumeneko, wandiseka, kenaka waika bodza lako m'kamwa mwanga. Lero ndanamiza bambo anga ndikuwayang'ana m'maso!"

"Pepa."

"Pepa sindikumufuna. Ndiuze chifukwa."

Skander analowetsa dzanja m'thumba, maso ali pansi. Dorsaf anadikira. Anadikira ndithu, Mulungu ndi mboni, koma sipanatuluke liwu.

"Akwanu asabwere," anatero, n'kutulukira pamvula.

Kunyumba anawauza bambo ake zonse. A Belgacem sanakalipe. Anangovula chipewa n'kuchiika patebulo, ndipo kukhala chete kwawoko kunamupweteka kuposa kukalipa.

Mauthenga anayamba kugwa.

"Maso anga, ndiyankhe ngakhale ndi chitonzo."

"Sindikudya. Amayi akufunsa za iwe."

"Palibe mkazi wina, ndikulumbira pali Mulungu. Ndine wamantha basi."

Dorsaf ankawerenga, kulira, osayankha. Anabwerera ku hotela kuja mutu uli pansi, ndipo anamulandira. Anaimbanso ndi fulashi pamaso pa alendo amene ankangodya nsomba zawo. Tsiku lina mawu anamutsamwa pakati pa nyimbo, ng'oma za m'makina n'kumangopita zokha. Anapita kubafa n'kukalira mpaka maso kutupa. Ankamuda Skander, komanso ankamusowa koopsa. Mtima ungasenze bwanji ziwiri zonsezi?

Kwa amalume Hedi kunakhala zii kwa masabata angapo. Kenaka madalawo anamuimbira foni Dorsaf.

"Mwana wanga, Lamulungu ubwere. Suimba, ungomwa tiyi."

"Amalume, sindingathe."

"Ukapanda kubwera ndidzakutenga ndekha, ndipo mawondo angawa ukuwadziwa. Ufuna ndifere panjira?"

A Belgacem atamva, anavala chipewa. "Tipite. Ndinaombera m'manja bodza. Ndikufuna ndikaone nkhope ya mwini wake."

Anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Skander anatulukira atawonda, ndevu zosameta. Sanatenge udi. Anatenga maiki.

"Abale, ndisanaimbe ndili ndi mawu. Kwa miyezi ndakhala ndikukunamizani. Zimene munkamva ndinkajambuliratu kunyumba, pano n'kumangoyendetsa zala. Dorsaf sankadziwa. Iye ankanena zoona za mumtima mwake, wabodza ndinali ine."

Munthu wina anatsonya. Skander anakweza dzanja lamanzere kuti aliyense alione.

"Ndinkapala matabwa kwa msuweni wanga. Mwamuna wofuna kukwatira amakonza za m'nyumba, si choncho? Ine ndinkafuna kabati ndi bedi zikhale za manja anga. Thabwa linandigwera pachigongono. Chichokereni tsiku limenelo zala ziwirizi sizimva. M'mawa zimayesako pang'ono, ndiye ndinkajambula kachidutswa lero, kachidutswa mawa. Dokotala akuti mwina zidzadzuka, mwina ayi."

Sanayang'ane kumbuyo kuja, koma tonse tinadziwa amene ankamulankhula.

"Ndinaopa. Ndinati mtsikana uja anasiya ntchito chifukwa cha zala zimenezi. Zikafa, atsala ndi chiyani? Lero ndiimba ndi zimene ndili nazo. Zikaipa, ziipire pano, inu mukuona."

Anagogoda thireyi ndi dzanja lamanja, n'kuponda. Anatenga udi. Zoyambirira zinayenda, koma atafika pofuna kachala kakang'ono, liwu linatuluka lopotoka, loipa ndithu. Kabokosi kalibe chisoni: kanaligwira, n'kuyamba kulibwereza. Likafika pamenepo, anthu ankatsinzina. Skander akanatha kufufuta ndi phazi limodzi. Sanafufute. Anasanjapo mawu ake pamwamba, thukuta lili kamukamu, misozi ikugwera pa udi.

Dorsaf anagwira mkono wa bambo ake. "Ababa..."

"Bodza ndimadana nalo," anatero a Belgacem, maso ali kutsogolo. "Koma amuna ambiri amene ndikuwadziwa akanasamukira mzinda wina m'malo moima pamenepo. Zotsalazo ndi zako, mwana wanga. Ine sindikukankha, sindikukoka."

Dorsaf anaimirira. Anadutsa pakati pa mipando, anthu akumupatsa njira. Skander atamuona, manja anaima. Nyimbo yokha ndi imene inkazungulirabe, ndi liwu lake lopotoka lija.

"Chitsiru iwe," anatero Dorsaf. "Unkaganiza kuti ndikufuna kukwatiwa ndi zala?"

"Ndinachita manyazi, Dorsaf."

"Manyazi ako anandiliza kuposa mmene chigongono chako chikanandilizira. Ukanandiuza tsiku lomwelo, tikanapita limodzi kwa dokotala. Tikanalira limodzi. Unandimana zimenezo."

"Ndikhululukire, maso anga."

"Sindinamalize kukwiya. Ndikwiyabe mpaka mwezi wa mawa, mwinanso kupitirira."

"Ndidikira."

"Udikire uli kwathu, amayi ako atanyamula makeke ndi maluwa. Ababa sakonda anthu ochedwa."

Amalume Hedi anabisa nkhope m'kansalu kopukutira makapu. Mayi wina kumbuyo anaimba nthungululu, ena n'kumulandira. Koma awiriwo sankamvanso za ife. Dorsaf anagwada pambali pa mpando, anachotsa dzanja lamanzere lija pa udi, n'kugwira zala ziwiri zakumapeto.

"Ukumva?"

Skander anamuyang'ana. Aliyense anaona kuti akulakalaka kunena kuti inde.

"Ayi," anatero. "Sindikumva kanthu."

Dorsaf anapsompsona zala ziwirizo, chimodzi, kenaka chinacho. Atatero anatsegula chikhatho chonse n'kuchiika patsaya lake lonyowa.

"Nanga apa?"

"Apo ndikumva, njiwa yanga. Apo ndikumva."